Bambo Atafunsa Alamu Awo za Koleji Yanga

Chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi, makolo a kuno ku Kuwadzana, mu mzinda wa Halale, ananditenga ngati ofesi yaulere. Amabwera ndi timabuku ta makoleji tonyezimira, mwana ali pambuyo atazyolika, n'kumati, "Amayi, tatiuzani, ameneyu apite kuti?" Ndikawafunsa ngati anakafikako okha kukaona malowo, amandionetsa chithunzi cha pachikuto, cha kapinga wobiriwira ndi ana oseka. Ndimafuna kuwakalipira, koma ndimadzigwira, chifukwa kwathu komwe nkhani ya koleji sitinaiyendetse mwanzeru.

Ndinabadwira ku Highfield, lokeshoni ina ya mu Halale momwemu, m'nyumba ya kanselu, kamtunda pang'ono kuchokera pa masitolo a pa Machipisa. Bambo ndi mayi anachoka ku Dedza ali achinyamata, ati akagwire ntchito ku Halale zaka ziwiri basi. Zaka ziwirizo zinabala ana asanu, woyamba ine. Bambo ankapala matabwa pa fakitale ya mipando ku Graniteside, ndipo ankapita pa njinga, buluku atalimanga ndi timphira m'akakolo. Kumudzi anali asanabwerereko ngakhale kamodzi, koma mukanayerekeza kuwatchula kuti mtchona, mukanaona zakuda.

Chaka chimene ndinakhoza mayeso a Folomu 4, nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino inali itakula. M'lokeshoni sitinkaiona ndi maso. Tinkaimva kwa anthu otsika mabasi a kumidzi, ndipo nthawi zina malole a asilikali ankadutsa pamsewu waukulu. Ndiye kunabwera makalata awiri. Imodzi inachokera ku koleji ya aphunzitsi ya pa mishoni ina, ulendo wa maola angapo pa basi, cha komwe kunkamveka mfutiko. Inayo inali ya koleji yophunzitsa kutayipa, m'tauni momwemo. Konse anandipatsa malo. A ku mishoni anatumizanso fomu yoti kholo lisayine, ibwerere mwezi wotsatirawo usanathe, apo ayi malo anga apatsa wina.

Ine mtima wanga unali pa uphunzitsi kuyambira ndili wamng'ono. Ang'ono anga ndinkawafoletsa pakhonde n'kumawaphunzitsa ndi makala pakhoma, ndipo wolakwitsa ankalawa kamtengo. Mpaka lero amandikumbutsa.

Bambo anali ndi zawo. Mu ofesi ya fakitale yawo munali atsikana awiri otayipa, ndipo bambo ankawatchula ngati angelo. "Manja oyera, tiyi nthawi ya teni, kapitawo weniweni amayamba wagogoda asanalowe. Iwe ukufuna choko? Uzikatuwa ngati wagwera m'thumba la ufa?" Koleji ya m'tauniyo ati ankaidziwa bwino, chifukwa Loweruka lililonse ankadutsa pansi pa chikwangwani chake. Chimene ankachikonda koposa n'chakuti ndikanati ndizigona pakhomo, iwo n'kumatseka geti ana onse asanu ali m'kati.

Ine pakamwa sindinabadwe wofatsa. Tinakokana sabata yathunthu, bambo akati makina, ine choko. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinawapanikiza mpaka anasowa chonena. Anavula jekete, anakhala pampando wawo, n'kuyankhula mofatsa ngati abusa.

"Komatu ife tikungovutana chabe. Ine pano ndine mkamwini. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba alipo. Tiwalembere amalume ako. Chimene anene iwo, n'chomwecho."

Abale inu! Mkamwini! Munthu amene m'nyumba muja ankalamula ngakhale poika wailesi! Amalume amenewa, mlongo wawo wa mayi, anali ku Dedza ndipo anali asanandionepo. Pondipatsa dzina sanafunsidwe, pondiyambitsa sukulu sanafunsidwe, ku sekondale sanafunsidwe. Mayi anasiya kusenda mbatata n'kuwayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwawakumbukira lero alamu anu?"

"Mwambo sindinaupange ndine," anatero bambo.

Nzeru yawo inali yoonekeratu. Munthu wa kumudzi akamva za mfuti anena kuti mwana akhale pafupi ndi amake, ndiye bambo akanapambana mlandu popanda kuoneka ankhanza. Kalata ndinalemba ndine, iwo akunena. "Lemba kuti ya m'tauni ndi nyumba yosanja, ya magetsi. Lemba kuti inayo ili kutchire, kumene zipolopolo zimagwa ngati matalala." Ndinafuna kuwonjezera kamzere kanga pansi, koma bambo Chichewa ankawerenga bwino, ndipo anaiwerenga kawiri asanamate envulopu. Anakaiponya okha pa positi ya pa Machipisa. Fomu ya ku mishoni anaipinda n'kuiika m'Baibulo lawo.

Makalata a ku Malawi nthawi imeneyo ankayenda ngati nkhalamba ya ndodo. Ine tsiku ndi tsiku pageti, kudikira wa positi, mpaka anayamba kundipukusira mutu ali patali. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mshona, atamva nkhaniyi anagwira pakamwa. Kwa iwo mwana ndi wa bambo, poti anapereka ng'ombe. "Ndiye bambo ako ntchito yawo m'nyumbamo n'chiyani?" anandifunsa. Ndinamuuza kuti awafunse yekha, ine ndikufunabe kukhala ndi moyo.

Nkhani inafika ku bungwe lathu la maliro. Anthu a ku Malawi a m'dera lathu anali ndi bungwe loikana m'manda, poti tinalibe midzi yokaikako akufa athu monga anzathu Achishona. Linkakumana pabwalo pathu, pansi pa mtengo wa mapichesi, Lamlungu lomaliza la mwezi uliwonse, ndipo maliro akasowa ankakamba za ana a eni. Atcheyamani anali mkulu wina amene anaphikira azungu zaka zambiri, wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwo anati koleji yabwino imaoneka ndi nsapato za mphunzitsi wamkulu, zikakhala zopukuta tumizani mwana. Wina anati chachikulu ndi mpanda wautali. Wina anachenjeza kuti mwana wamkazi akaphunzira kwambiri amayankha mwamuna wake m'Chingelezi. Palibe mmodzi yemwe mwa iwo amene anapondapo pakhomo la koleji. Koma onse anawayamikira bambo chifukwa chofunsa alamu awo, ati ndi munthu wosaiwala kwawo, ndipo bambo anafufuma ngati mandasi.

M'mawa mwake, bambo atangopalasa njinga, mayi anamanga duku lawo la ku tchalitchi n'kundiuza kuti, "Vala nsapato. Tikaone ndi maso zimene anthu akutamazi."

Tinayamba ndi ya m'tauni. Chikwangwani chinalidi chachikulu, bambo sananame. Koma koleji yake inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya nsalu, masitepe ake onunkha mkodzo wa mphaka. Atsikana anali atadzaza tho. Makina otayipira anali owerengeka, ndipo amene analibe ankagogoda ndi zala pa makatoni ojambulidwa zilembo, kudikira nthawi yawo. Mwini koleji, bambo wa suti yonyezimira, anatilandira mano onse ali panja. Mayi anamufunsa m'Chishona chawo chopindika kuti amene anamaliza chaka chatha akugwira ntchito kuti. Iye anationetsa satifiketi ya m'felemu. Mayi anabwereza funso. Iye anatilozera makatani atsopano. Tikutsika masitepe mayi anangoti, "Nsapato zokha wapukutadi."

Ku mishoni tinapita Loweruka. Bambo atauzidwa anang'ung'udza, kenaka anati, "Pitani mukaone tchirelo, koma mawu ndi a alamu." Tinakwera basi ya m'mawa pa Musika, pokwerera mabasi a kumidzi. Panjira asilikali anatiimitsa kawiri, tonse kutsika, katundu kumasula. Msilikali wina anawafunsa mayi kuti kumudzi kwawo ndi kuti. Mayi anati, "Highfield." Anthu onse a m'basi anaseka, msilikaliyo nayenso, chifukwa kwa iwo lokeshoni ndi pogona pa antchito, si mudzi. Ine manyazi anandigwira. Mayi anangomanga mtolo wawo n'kukwera.

Titafika, sisitere wina wachikulire anafuna kutionetsa laibulale ndi tchalitchi. Mayi anati zikomo, koma ayambe aona kukhitchini. Anavundukula miphika, analowa m'zimbudzi, anagwedeza zitsulo za m'mawindo a kogona atsikana, anakanikiza matiresi ndi chibakera. Ine kumbuyo kwawo ndinkangonong'ona kuti, "Amayi, zakwana," koma ndani akumve. Kenaka anaitanira pambali atsikana atatu a chaka chomaliza, sisitere ali patali, n'kuwafunsa ngati amakhuta, ngati aphunzitsi amabweradi m'kalasi, ndiponso kumene anapita anzawo amene anamaliza chaka chatha. Atsikanawo anatchula masukulu amene anzawowo ankaphunzitsa, mmodzimmodzi. Mayi anafunsanso za nkhondo. Mmodzi anayang'ana anzake, kenaka anati masiku ena mfuti zimamveka kuseri kwa phiri, ndipo anyamata angapo a pakolejipo anachoka osatsanzika, akuti anawoloka malire kukalowa gulu la omenyera ufulu.

M'basi pobwerera ndinkangoganiza za mfuti zija, ndipo ndinati basi zanga zada. Tikuyandikira tauni mayi anatembenukira kwa ine. "Ana aja ndi onenepa, ndipo sanandinamize. Mantha ndili nawo, usaganize kuti ndilibe. Koma ngati n'kuphunzira, kuphunzira kuli uko." Bambo atauzidwa za makatoni anati akazi amakonda kukokomeza zinthu, ndipo fomu inakhalabe m'Baibulo.

Yankho la amalume linafika Loweruka, kutatsala masiku owerengeka kuti mwezi uthe. Bambo sanalitsegule. Mawa lake linali tsiku la bungwe, ndipo ankafuna kuti akuluakulu onse adzimvere okha mwini mbumba akugwirizana nawo. Anavala jekete, anaika envulopu patebulo pansi pa mtengo uja, n'kundiitana. "Wophunzira ndiwe. Werenga mokweza."

Tsamba loyamba lonse linali la moni. Mvula inagwa bwanji, mbuzi zinaswa zingati, ndani anamwalira, ndani anakwatiwa. Ndinawerenga mothamanga mpaka ndinafika pa nkhani yake.

"Alamu, ndathokoza kuti patapita zaka zonsezi mwakumbukira kuti mbumbayo ili ndi mwini wake. Ine ndimayesa munataya adiresi." Akuluakulu anaseka, bambo nawo anaseka pang'ono. "Za makoleji anu awiriwo ndamva. Ya kutchireyo ndakana. Mwana wa mlongo wanga sangakakhale kumene zipolopolo zikugwa ngati matalala."

Bambo anayang'ana uku ndi uku akugwedeza mutu, ngati munthu amene timu yake yagoletsa. Ine ndinapitiriza kuwerenga.

"Ya m'tauniyonso ndakana, chifukwa nkhondo imeneyo mawa ifika m'tauni mwanumo. Mwanayo mumutumize kuno kwawo. Kuno kuli mtendere, munda wa amake ulipo, ndipo kuli mnyamata wina wa chigayo, wakhalidwe labwino, amene akufuna mkazi wodziwa kuwerenga. Mumukweze ndi munthu woyamba amene akubwera kumudzi. Za ang'ono ake tidzakambirana akamakula. Ndatha ine mlamu wanu."

Ndinaika pepala patebulo. Dedza ine ndinkangoimva m'kamwa mwa mayi, sindinkadziwako munthu ngakhale mmodzi, ndipo Chichewa changa chosakaniza ndi Chishona akanandiseka nacho mudzi wonse. Ndinayang'ana bambo. Anali kakasi, kumwetulira kutaumira pankhope.

Atcheyamani anakonza tayi. "Basitu, mwini wake wayankhula. Mwezi wamawa a uje akupita kumudzi, angathe kumutenga."

"Dikirani kaye," anatero bambo. "Alamu sanamvetse funso. Ine ndinafunsa pa ziwiri zokha."

"Munafunsa mwini mbumba, ndipo tinakuyamikirani tonse pamalo pompano. Simungamuuzenso choyankha."

Enawo anavomereza, eya, eya, ndi momwemo. Mayi anali pamkeka ndi amayi anzawo, ndipo sanawathandize bambo ngakhale ndi liwu limodzi. Ndikuganiza kuti ankafuna ayambe amva kuwawa kwake. Ine ukali unandikwera. Ndinaiwala ulemu, ndinaiwala kuti pali akuluakulu.

"Mwaona, bambo? Mwandipereka kwa wa chigayo ndi sitampa imodzi!"

"Iii, mwana uyu pakamwa!" anatero mayi wina pamkeka paja.

Kenaka ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, pamaso pa bungwe lonse.

Bambo anaimirira mwadzidzidzi mpaka mpando unagwa chagada. "Akuluakulu, mundikhululukire, ndinakunamizani. Za ukamwini ndinanena kuti ndimugonjetse mwanayu, chifukwa pakamwa anali atandiposa. Mwana uyu atabadwa ndinakamutenga ndine ku kiliniki. Atadwala chikuku ndinathamanga naye ndine pa njinga. Alamu sadziwa ngakhale kuti ndi wamtali kapena wamfupi. Ndi wanga mwana ameneyu, ndipo ku Dedza sapita."

Kwa anthu a kwathu mawu amenewo ndi olemera. Mwamuna sanena zotere pa mbumba ya eni, makamaka pagulu. Ena anazyolika, ena anatsokomola. Atcheyamani anavula chipewa, anachiika pabondo, n'kuchivalanso.

"Ndiye alamu anuwo muwayankha chiyani?"

Apa ndi pamene mayi anatsegula pakamwa. "Ameneyo ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumsana ali khanda. Ndimuyankha ndine, ndipo amva."

Bambo anadzutsa mpando n'kutembenukira kwa ine. "Pukuta mamina. Ndiye basi, uzikatayipa eti?"

"Pa katoni, bambo?"

Amayi a pamkeka anaphulika kuseka, poti mayi anali atawauza kale zonse. Bambo sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Tanena wekha. Ukufuna kupita kuti?"

"Ku uphunzitsi, bambo."

"Kuli mfuti kumeneko."

"Ndikudziwa."

"Sukuopa?"

"Ndikuopa."

"Inenso ndikuopa," anatero bambo. "Pita ukatenge Baibulo."

Anasayina patebulo pomwepo, pang'onopang'ono, lilime lili panja monga ankachitira polemba mzere pa thabwa. Atcheyamani anati nkhani imeneyi bungwe silinaione ndipo silinaimve, n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Fomu inapita Lolemba m'mawa, ndipo inafika nthawi isanathe. Zimene mayi anawalembera amalume sindizidziwa, chifukwa anakalembetsa kwa mnzawo wa ku tchalitchi. Chimene ndikudziwa n'chakuti za wa chigayo sizinamvekenso.

Tsiku lonyamuka bambo anapempha kwa kapitawo kuti afike mochedwa, chinthu chimene anali asanachitepo. Anamanga thiranki langa pa njinga n'kukankha wapansi mpaka pa Musika, ine ndi mayi tikutsatira. Anakangana ndi kondakitala pa kamangidwe ka zingwe pamwamba pa basi, anakwera okha kukamanganso, anatsika thukuta lili kamukamu. Anandisankhira mpando wa pakati, ati kutsogolo ndi kumbuyo si kwabwino masiku ano a mabomba okwirira mumsewu. Nditakhala anabwera pawindo.

"Tamvera. Ukamva mfuti usathamange. Ugone pansi chafufumimba, ukhale pomwepo mpaka zitasiya. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Uzilemba Lachisanu lililonse. Ngakhale mzere umodzi, ndizingodziwa kuti ulipo."

Ndinafuna kunena chinachake choseketsa kuti tisiyane bwino, koma ndinangowagwira dzanja pawindopo. Ndinawamvera chisoni bambo anga, ndipo ndinawakonda kuposa tsiku lina lililonse. Dalaivala analiza hutala, basi inayamba kuyenda. Mayi anaima pomwepo atagwira patsaya. Bambo anayamba kutsatira pambali pa windo akukankha njinga, poyamba akuyenda, kenaka akuthamanga, akuwomba madengu a anthu ogulitsa tomato, amayi akuwatukwana m'Chishona.

"Chafufumimba, wamva? Osadzutsa mutu!"

Anafika nayo basi mpaka pamene imalowera mumsewu waukulu. Pamenepo mpweya unawathera, ndipo anaima atatsamira njinga, akufuulabe mawu amene sindinathenso kuwamva.